Chiphe Chosapsa ndi Moto

M'chaka cha 1892, mu mzinda wa Berlin ku Germany, dokotala wina dzina lake Richard Pfeiffer, amene anali kugwira ntchito pansi pa katswiri wotchuka uja Robert Koch, anaona chinthu chimene chinam'thetsa nzeru. Iye anatenga tizirombo toyambitsa kolera, natitenthetsa kufikira tonse titafa, kenaka nabaya nato mbira zake zoyeserapo mankhwala. Malinga ndi maganizo a masiku amenewo, mbirazo zinayenera kupitiriza kudya msipu wao mosatekeseka, pakuti kachirombo kakufa sikaswana, ndiponso ululu umene unali kudziŵika nthaŵiyo, monga wa kafumbata, umatha mphamvu ukauŵiritsa. Koma mbira zija zinalefuka, nizifa.

Pfeiffer anaganiza kuti payenera kukhala chiphe china chimene kachirombo sikalavula monga njoka ilavulira ululu wake, koma chiri chiŵalo cha thupi lake lenilenilo, chotsalira ngakhale mwini wake atafa. Anachitcha endotoxin, ndiko kunena kuti chiphe cha m'kati. Dzinali lakhazikika mpaka lero ngakhale limasokeretsa, chifukwa tsopano tidziŵa kuti chiphechi sichikhala m'kati mwa kachirombo iai, koma pa khungu lake. Ndiponso kutsekula m'mimba koopsa kwa kolera sikuchokera kwa icho. Kumachokera ku ululu wina umene kachiromboko kamalavuladi, monga anasonyezera Sambhu Nath De wa ku Calcutta m'chaka cha 1959. Tinganene kuti Pfeiffer anapita kukasaka gwape nabwerako ndi nyalugwe.

Si mabakiteriya onse amene ali ndi chiphe chimenechi. M'chaka cha 1884 Hans Christian Gram wa ku Denmark anapeza kuti mabakiteriya akanyikidwa mu utoto wina kenaka nkutsukidwa ndi sipiriti, ena amausunga utotowo pamene ena amautaya. Otaya utotoŵa, amene amatchedwa Gram-negative, ali ndi nembanemba yachiŵiri yokuta thupi lao kunja. Banja lao ndi lalikulu ndiponso la mbiri yoipa: muli tizirombo ta kolera, taifodi, kamwazi, chinzonono, mliri wa makoswe, ndi tina toyambitsa nthenda youmitsa khosi. Mulinso Escherichia coli amene aliyense wa ife wakhala akum'nyamula m'matumbo kuyambira ali wakhanda. Mbali yoyang'ana kunja ya nembanemba imeneyi njomangidwa ndi chiphe chathuchi, mamolekyu oposa 1,000,000 pa kachirombo kamodzi, othithikana ngati udzu wofolera nyumba. Kwa kachiromboko, chinthuchi si mkondo womenyera nkhondo. Ndi denga chabe, lokateteza ku ndulu ya m'matumbo ndi ku mankhwala ambiri amene akadaloŵa mosavuta.

Panapita zaka zambiri anthu asanadziŵe kuti dengali nlopangidwa ndi chiyani. André Boivin ndi Lydia Mesrobeanu anakwanitsa kuchipatula chiphechi m'chaka cha 1933, ndipo mu 1952 Otto Westphal ndi Otto Lüderitz a ku Germany anapeza njira yochisungunulira bwino imene ikugwiritsidwabe ntchito. Anapeza kuti ndi mafuta olumikizana ndi chingwe cha shuga, ndipo ndilo tanthauzo la dzina lake lalitali lija lakuti lipopolysaccharide. Molekyu iriyonse iri ngati kamtengo kokhala ndi zigawo zitatu: mizu ya mafuta yozikika m'nembanemba, thunthu lalifupi la shuga, ndi nthambi imodzi yaitali, ya shuganso, yogwedezeka panja.

Tiyambe ndi nthambi, chifukwa ndiyo imene thupi la munthu limayamba kukumana nayo. Tikamati shuga, aŵerengi asaganize za uja wothira mu tiyi yekha. Kwa akatswiri a kemisitiri shuga ndi fuko lalikulu la mitundu yochuluka, ndipo mtundu uliwonse tingauyerekeze ndi mkanda wa maonekedwe akeake. Nthambi ija ndi chingwe cha mikanda yotere, yotungidwa mwa dongosolo lobwerezabwereza: kagulu ka mikanda itatu, inai kapena isanu, kenaka kagulu komweko, kenakanso komweko, mwina mpaka maulendo 40. Chingwechi chimatchedwa O-antigen, ndipo chilembo cha O chimene timachiona pa maina monga Escherichia coli O157 kapena Vibrio cholerae O1 chimanena za icho. Apa ndi pamene pali kusiyanasiyana kochititsa kaso. Escherichia coli yekha ali ndi mitundu ya chingwechi yoposa 180, ndipo kachirombo ka kolera kali ndi yoposa 200.

Taonani banja la Salmonella. Kachirombo ka taifodi, ka paratyphoid A, ndi kena kotchedwa Typhimurium, tonse tiri ndi chingwe chimodzimodzi cha mikanda itatu yobwerezedwa, imene maina ake ndi mannose, rhamnose ndi galactose. Kusiyana kwake kuli pa kamkanda kachinai kolendeŵera pambali. Ka taifodi kamapachikapo tyvelose, ka paratyphoid A kamapachikapo paratose, ndipo Typhimurium amapachikapo abequose. Mikanda itatu yapambaliyi iri ndi maatomu ofanana ndendende mu mtundu ndi m'chiŵerengero; yangosiyana kumene timagulu tina ta maatomu taloza, monga munthu mmodzi yemweyo angaimire atakweza dzanja lamanja kapena lamanzere. Komabe asirikali a m'magazi, amene madokotala amati ma antibody, amaona kusiyana kumeneku, kotero kuti amene anaphunzitsidwa kugwira mkanda wina amaulambalala unzake. Kuyeza taifodi kwa Widal, kumene kunayamba mu 1896 ndipo kukuchitikabe m'zipatala zambiri za mu Africa, kumafunafuna asirikali otereŵa m'magazi a wodwala. Tsoka lake nlakuti Salmonella wina wofala, Enteritidis, amapachikanso tyvelose yemweyo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kuyezaku kumanamizira anthu taifodi amene alibe.

Kusintha chingwe kuli ngati mbala kusintha malaya. Mwa mitundu yoposa 200 ija ya kachirombo ka kolera, kwa nthaŵi yaitali umodzi wokha, O1, ndiwo unali kubutsa miliri. Chakumapeto kwa 1992, ku Madras m'dziko la India ndiponso ku Bangladesh, kunabuka kolera amene anagwetsa ngakhale akuluakulu amene matupi ao anali atazoloŵera kale nthendayi. Atafufuza anapeza kuti kachirombo nkomwe kaja, koma katataya malangizo achibadwa opangira chingwe cha O1 nikatola a chingwe china. Anakatcha O139. M'kati mwa O1 momwemo mulinso mitundu iŵiri, Ogawa ndi Inaba, imene isiyana pa kagulu kamodzi kokha ka atomu imodzi ya kaboni ndi maatomu atatu a haidirojeni, komata pa mkanda wakunsonga. Kolera amene anabuka ku Machinga mu March 2022 nafalikira m'Malaŵi monse, kupha anthu oposa 1,700, anali wa mtundu wa O1 Ogawa.

Nthambi imeneyi imagwiranso ntchito ya mpanda, kutsekereza adani kuti asafike pa khungu lenileni. Kafukufuku amene anachitika mu mzinda wa Blantyre, motsogozedwa ndi Calman MacLennan nafalitsidwa mu 2010, anaonetsa zimenezi mochititsa nthumanzi. Kunali kodziŵika kuti anthu amene ali ndi HIV amagwidwa kaŵirikaŵiri ndi Salmonella woloŵa m'magazi, ndipo munthu angayembekeze kuti vuto lao ndi kuchepa kwa asirikali aja. Koma mwa ena a iwo munapezeka zosiyana: magazi ao anali ndi asirikali ochuluka mopitirira muyeso olimbana ndi chingwe cha O, ndipo kuchulukako ndiko kunali kulepheretsa magaziwo kupha kachirombo. Asirikali ameneŵa atachotsedwamo, kapena chingwe cha kachirombo chitafupikitsidwa, magazi omwewo anayambanso kupha.

Za thunthu sitichulukitsa gaga m'diŵa. Ndi kachingwe kakafupi ka shuga kamene sikasinthasintha kwambiri, ndipo m'munsi mwake muli shuga wina wachilendo wa maatomu 8 a kaboni wotchedwa Kdo, amene sapezeka m'thupi la munthu. Ndiye amalumikiza zonse zapamwamba ku mizu.

Ululu wonse uli ku mizu. Westphal ndi Lüderitz anachitcha chigawo chimenechi lipid A mu 1954, koma panatenga zaka zinanso 30 kuti kamangidwe kake kadziŵike bwino lomwe. Mwa Escherichia coli kali motere. Pali mikanda iŵiri ya shuga wotchedwa glucosamine, yolumikizana ngati ng'ombe ziŵiri pa goli. Kumapeto kwa uliwonse kwamatidwa kagulu ka fosifeti, ndiye kuti fosifeti ziŵiri. Kuchokera pa goli limeneli pamatsika mizu ya mafuta isanu ndi umodzi: isanu ya maatomu 14 a kaboni uliwonse, ndi umodzi wa maatomu 12. Okayika analipo ambiri, onena kuti mwina ululu uli m'chitsotso china chosakanikirana ndi mafutaŵa. Mkangano unatha cha mu 1985, pamene Tetsuo Shiba ndi Shoichi Kusumoto a ku Osaka m'dziko la Japan anamanga lipid A ndi manja ao kuchokera ku mankhwala wamba, popanda bakiteriya aliyense, ndipo poyesedwa inachita zonse zimene chiphe chachilengedwe chimachita.

Mphamvu yake njovuta kuikhulupirira. Mutagaŵa galamu imodzi m'zigawo 1,000,000, chigawo chimodzi chokha, chitaloŵetsedwa mu mtsempha, nchokwanira kutenthetsa thupi ndi kunjenjemeretsa amuna anai akuluakulu. Ophunzira anga ndikaŵauza zimenezi amafunsa kuti chiphecho chimadya chiŵalo chiti, poganiza kuti chiri ngati asidi. Yankho lake nlakuti pachokha sichidya chirichonse. Chimene chimavulaza munthu ndi mfuu imene thupi lake limakuwa likachiona.

Umboni wake unachokera ku mbeŵa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 kunali kudziŵika mtundu wina wa mbeŵa za m'nyumba zofufuzira, wotchedwa C3H/HeJ, umene sumva kanthu ngakhale ubayidwe endotoxin wochuluka. Mu 1998 Bruce Beutler ndi anzake a ku Dallas anapeza chifukwa chake: mbeŵazi ziri ndi chilema chaching'ono pa puloteni ina yokhala pa khungu la maselo olondera thupi, yotchedwa TLR4. Puloteni imeneyi ndiyo mlonda woona endotoxin, ndipo ntchitoyi inam'patsa Beutler gawo la mphoto ya Nobel mu 2011. Mlondayu akaona chiphe amaliza lipenga: thupi limatentha, mitsempha ya magazi imatakasuka kuti asirikali adutse, magazi amaundana pang'ono kuti atsekere mdani malo amodzi. Pa chilonda cha pa chala zonsezi nzabwino. Koma chiphe chikadzaza m'magazi, lipenga limalira m'thupi monse nthaŵi imodzi. Mitsempha yonse imalefuka ndi kuchucha, kuthamanga kwa magazi kumatsika, impso zimaleka kutulutsa mkodzo, ndipo munthu amafa ndi nkhondo ya asirikali ake omwe. Madokotala amati sepsis, vuto limene, kuphatikiza zoyambitsa zake zonse, linapha anthu pafupifupi 11 miliyoni pa dziko lapansi mu 2017. Wina angaganize tsono kuti mbeŵa zogontha zija nzodala. Sichoncho. Zikapatsidwa Salmonella wamoyo zimafa msanga kuposa zinzake, chifukwa mdani amaswana mlonda ali m'tulo.

Nanga nchifukwa ninji chiŵerengero cha mizu chiri chofunika chotere? Mu 2009 akatswiri a ku Korea, motsogozedwa ndi Jie-Oh Lee, anajambula m'mene maatomu amakhalira chiphe chikagwidwa. Mlonda TLR4 ali ndi kamnzake, kapuloteni kotchedwa MD-2, kamene kali ndi mphako. Mizu isanu imaloŵa ndi kudzaza mphakoyo. Wachisanu ndi chimodzi umasoŵa malo, nutsala panja. Muzu wotsalawu ndiwo umakola mlonda wina wapafupi, mothandizidwa ndi fosifeti ziŵiri zija, ndipo alonda aŵiri akagundana mitu lipenga limalira. Lipid A wa mizu inai yokha amaloŵa yense m'mphako, osasiya kanthu panja, ndipo m'thupi la munthu kumangoti zii. Kuwonjezera apo amakhala watseka malo amene chiphe chenicheni chikadaloŵa.

Mabakiteriya ena akhala akupindula ndi masamu ameneŵa kuyambira kalekale. Yersinia pestis, kachirombo ka mliri wa makoswe umene unapha munthu mmodzi kapena kuposerapo mwa atatu alionse ku Europe pakati pa 1347 ndi 1351, kamakhala moyo wa paŵiri. Kakakhala m'mimba mwa nthata, mmene kutentha kuli cha m'madigiri 26, kamapanga lipid A wa mizu isanu ndi umodzi. Nthata ikaluma munthu, kachiromboko nikamva kutentha kwa madigiri 37, kamasinthira ku mizu inai. Kamayenda choncho mwakachetechete kufikira kataswana mosaletseka. Mu 2006 akatswiri a ku Massachusetts anakaikira kachiromboka malangizo achibadwa ochokera kwa Escherichia coli, okakakamiza kusunga mizu isanu ndi umodzi ngakhale pa madigiri 37. Mbeŵa zimene zinabayidwa pa khungu ndi kachirombo kosinthidwaka sizinafe. Kuonjezera ululu kunakalanda mphamvu yakupha, ndipo kwa ine palibe chitsanzo china m'sayansi ya tizirombo chimene chimatembenuza maganizo a munthu ngati chimenechi.

Helicobacter pylori, amene amayambitsa zilonda za m'mimba ndipo ali mwa anthu pafupifupi theka a pa dziko lapansi, amathena lipid A wake mpaka kutsala mizu inai, nachotsa fosifeti imodzi ndi kuphimba inayo. Motero amakhala m'chifu cha munthu zaka makumi angapo osathamangitsidwa. Mabakiteriya a mtundu wa Bacteroides, amene ali miyandamiyanda m'matumbo mwathu ndipo amatithandiza kugaya chakudya, ali ndi mizu isanu ndi fosifeti imodzi. Mau ao ndi onong'ona. Neisseria meningitidis, wa nthenda youmitsa khosi, ndiye mbuli ya phokoso. Ali ndi mizu yonse isanu ndi umodzi, alibe nthambi yaitali, ndipo pamene akuswana amathothola timatuza ta khungu lake todzaza chiphe nkumatimwaza m'magazi. Nchifukwa chake mwana amene anali kuseŵera m'maŵa angathe kutuluka zigamba zakuda pa khungu madzulo, nkumwalira kusanache, ngati sanathamangire naye ku chipatala. Palinso Campylobacter jejuni, wopezeka kaŵirikaŵiri mu nyama ya nkhuku yosapsa bwino, amene shuga wa pa thunthu lake amafanana ndi wokuta minyewa ya munthu. Mwa apo ndi apo asirikali opangidwira kachiromboka amatembenukira minyewayo, munthu nkufa ziŵalo ndi nthenda ya Guillain-Barré.

Fosifeti ziŵiri zija ziri ndi nkhani yaonso. Pali mankhwala akale otchedwa colistin, amene madokotala anaŵasiya chifukwa choononga impso, koma anaŵabwerera mankhwala ena atayamba kulephera. Colistin amagwira ntchito pomata pa fosifetizo, monga maginito akokera chitsulo, kenaka nkung'amba denga lija. Mu 2015 ku China kunapezeka, mu nkhumba ndi mwa anthu, mabakiteriya okhala ndi malangizo achibadwa otchedwa mcr-1, amene amaphimba fosifeti ndi kagulu kena ka maatomu kuti colistin asoŵe pogwira. Choopsa nchakuti malangizoŵa amapatsirana kuchoka ku mtundu wina wa bakiteriya kupita ku unzake, ndipo apezeka kale m'maiko ambiri.

Tibwerere ku moto wa Pfeiffer. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 odwala ambiri anali kutentha thupi akangolandira jekeseni, ngakhale madzi ake anali oŵiritsidwa bwino. Mu 1923 Florence Seibert wa ku America anasonyeza kuti gwero lake linali zotsalira za mabakiteriya amene anakhalapo m'madzimo. Mphika wa nthunzi wa ku chipatala, umene umafika madigiri 121, umapha tizirombo koma chiphe chimatsala. Kuti chipse m'mabotolo a galasi pamafunika ng'anjo youma ya madigiri 250 kwa theka la ola. Apa aŵerengi asandimve molakwa. Kuŵiritsa madzi akumwa nkofunika ndipo nkokwanira, chifukwa chiphechi chikamezedwa sichidutsa chipupa cha matumbo abwinobwino, amene ndi kale lonse ngodzaza nacho. Kuopsa kwake kuli poloŵa mu mtsempha. Nchifukwa chake madzi a diripi, katemera ndi mankhwala obaya amayesedwa asanatuluke m'fakitale. Poyamba anali kuyesera pa akalulu, kuona ngati atenthe thupi. Kenaka Frederik Bang anaona mu 1956 kuti magazi obiriŵira a Limulus, nyama ya m'nyanja yamchere yonga nkhanu, amaundana akakhudzana ndi mabakiteriya a mtundu umenewu. Iye ndi Jack Levin anasandutsa zimenezi kukhala njira yoyezera, imene boma la America linaivomereza mu 1977.

Chimene chakanika mpaka pano ndi mankhwala oletsa lipenga lija likayamba kulira. Akatswiri anapanga lipid A wabodza wa mizu inai, dzina lake eritoran, kuti azitseka mphako ya MD-2. Nzeru yake inali yomveka, koma poyesedwa pa odwala sepsis pafupifupi 2,000, zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2013 zinaonetsa kuti sanachepetse imfa. Ndiganiza kuti chifukwa china nchakuti wodwala amafika ku chipatala lipenga litalira kale, ndiponso thupi liri ndi alonda ena ambiri kupatula TLR4.

Kumene zinthu zinayenda ndi ku mbali inayo, yoŵeta chiphe m'malo mochitsekereza. Katemera wopangidwa ndi puloteni yoyeretsedwa bwino kaŵirikaŵiri sadzutsa thupi mokwanira; amafunika chinthu chogogoda pa khomo la mlonda. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Edgar Ribi wa ku Montana anapeza kuti lipid A wa Salmonella akachotsedwa fosifeti imodzi, ululu wake umatsika kwambiri zedi, koma mphamvu yodzutsa chitetezo imatsala. Pambuyo pake anthu anaphunzira kudulanso muzu umodzi, ndipo chotsalacho, chotchedwa MPL, ndicho chimaikidwa mu akatemera angapo lero. Mmodzi wa iwo ndi RTS,S, katemera woyamba wa malungo, m'mene MPL amasakanizidwa ndi mankhwala ena ochokera ku khungwa la mtengo wa ku Chile wotchedwa Quillaja. Mu April 2019 Malaŵi linakhala dziko loyamba kupereka katemerayu kwa ana kudzera ku sikelo ya masiku onse, Ghana ndi Kenya natsatira, ndipo mu October 2021 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza kuti aperekedwe m'maiko onse a malungo ambiri mu Africa. Mwana akatentha thupi pang'ono usiku wa tsiku la katemerayu, mwa zina amakhala ali mlonda uja, TLR4, atagwira lipid A wa fosifeti imodzi m'mphako yake.